Njerwa za Kumutu kwa Safeli

"Mukawauze kuti khosi si mwendo," adatero Eluby. "Alamu, mukanene mawu omwewo. Musachotsepo, musaonjezepo."

Adali atagwada kuseri kwa mpanda wa khitchini, kunyumba kwa alamu ake ku Lufita, mwana wake Agnes ali kumsana, diso lili pa kampata ka pakati pa mapesi. Kutsidya kwa bwalo, pakhonde, padakhala apongozi ake aamuna, a Sikwese, atafulatira mpandawo. Kwawo ku Misuku mkamwana saonana maso ndi bambo a mwamuna wake. Sayankhulana nawo, dzina lawo salitchula, ndipo akawaona akubwera panjira amapatukira m'nthochi mpaka adutse. Zaka zitatu za ukwati, chimene Eluby ankadziwa cha apongozi akewo chidali nkhongo yawo ndi katsokomoledwe kawo basi. Mawu onse ankadzera mwa Goodson, mkulu wa mwamuna wake Safeli, amene tsopano ankayenda uku ndi uku pabwalopo.

Goodson adafika pakhonde, nanyonyomala.

"Adada, mlamu akuti ali ndi nkhawa ndi khosi la mwamuna wake."

"Sindinatero ine!" adanong'ona Eluby, akutsina mkono wa Grace, mkazi wa Goodson, amene adabisala naye limodzi. "Wamva? Asintha."

"Khala chete, iwe," adatero Grace. "Ukufuna amve mawu ako?"

"Nkhawa tili nayo tonse," adayankha a Sikwese. Mawu awo adali osasa. "Umuuze kuti mwanayo ndinabereka ndine. Ndakamuona kuchipatala ndi maso angawa. Amukhoma zitsulo m'mutu ngati thabwa, n'kumupachika njerwa. Munthu wathyoka khosi, mankhwala ake n'kumukoka ndi njerwa? Masiku asanu ndi limodzi ali chagada, akuyang'ana malata. Tsopano akuti amutengere ku Lilongwe akamucheke. Ku Lilongwe ndani wathu? Mng'ono wanga Lazaro anapita kumigodi. Anatitumizira chipewa chake chokha. Manda ake sindinawaone mpaka lero. Uyu ayi. Uyu ndimutenga, a Kayuni, sing'anga wa mafupa, akamuone."

Goodson adabwerera kumpanda. Sadanyonyomale. Adaima chilili, baji ya chipani ikung'anima pa kolala ya jekete.

"Wamva wekha, mlamu."

"Ndamva. Ndamvanso kuti mawu anga munawataya panjira. A Makwinja a kuchipatala anena kuti khosilo likangogwedezeka, miyendo yapita, mwina ndi moyo womwe. Msewu wa ku Misuku mukuudziwa, alamu. Ngakhale dzira la m'thumba limafika losweka."

"Mwendo uwu ukuuona?" Goodson adakwinya buluku, namenya katumba. "Unathyoka pawiri. A Kayuni anaukoka, anaumanga ndi nsungwi, anathyola mwendo wa nkhuku n'kuumanganso. Tsiku limene nkhuku inaponda pansi, inenso ndinaponda. Achipatala ako aja anali kuti? Mawu a akuluakulu amakoma akagonera."

"Apa akagonera tidzakhala titaika maliro."

"Mayo ine!" adatero Grace, nagwira pakamwa.

Goodson adaweramira pampanda, natsitsa mawu.

"Fomu thuu yakoyo yakulowa m'mutu. Ng'ombe zathu zinapita kwanu kuti udzabereke ndi kuphika, osati kudzaweruza pamudzi. Chibale ndi fupa, sichiola. Mkazi lero ali pano, mawa ali kwina. Ndipo ukumbuke kuti ine ndine wapampando wa nthambi ya chipani. Pamsonkhano uliwonse timanena za kumvera ndi kusunga mwambo. Zisayambe kuola m'nyumba mwanga momwe muno."

Mawu akafika pamenepo, masiku amenewo, munthu ankangoyang'ana pansi. Eluby adamasula mwana, namuyamwitsa.

Masana adabwerera kuchipatala pa Boma. Adaonetsa khadi ya chipani kwa anyamata a panjira ya kumsika, nadutsa, ali ndi kambale ka phala m'manja.

Safeli adagona pa bedi la pakona mu wodi ya amuna. Chitsulo chonga mbaniro chidamugwira mutu pamwamba pa makutu. Pachitsulopo padachoka chingwe, chodzera pa kawilo kumutu kwa bedi, ndipo kumapeto kwake kunkalendewera thumba la njerwa zitatu. Chinthu choyamba chimene Eluby ankachita akalowa chidali kuona ngati thumbalo silikukhudza pansi. Chachiwiri, kuona mfundo ya chingwe. Chachitatu ndiye ankayang'ana mwamuna wake.

"Wandipatsa kale moni, kapena ukadali kucheza ndi njerwa?" adatero Safeli, maso okha akutembenuka.

"Mwaghona, a Safeli."

"Ndagona, ndagonanso. Ntchito ina ndilibe. Kunyumba agwirizana zotani?"

"Akuti akutengereni kwa a Kayuni."

"Eya. Ndiye nkhuku ya ine aithyola khosi?" Safeli adafuna kuseka, koma adangotsinzina ndi ululu. "Ukawauze ayambe ndi nkhukuyo. Ikadzuka n'kuyamba kutola chimanga, abwere adzanditenge."

Bambo wa bedi loyandikana, amene adali ndi chikhakha kumwendo, adaseka mpaka kutsokomola. Eluby sadaseke.

"Muwauze zimenezo inuyo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Thupi ndi lanu."

Safeli adayang'ana malata.

"Eluby, mtanda uja anasankha ndi adada."

"Mtanda uti?"

"Umene unathyoka. Tikukonza dzenje lochekera matabwa kunkhalango ya Mughese kuja, ine ndinati mtanda uwu uli ndi chiswe m'kati. Iwo anaugogoda ndi nkhwangwa, n'kunena kuti zaka makumi atatu akucheka matabwa, mtengo sunawanamizepo. Ndinalowa m'dzenje ndi sowo. Chipika chinandipeza momwemo. Sanauze munthu. Chiyambire sakudya. Akufuna achitepo kanthu ndi manja awo. Ine ndiwauze kuti ayi, adada, mwalakwa kachiwiri? Pakamwa panga sipangatuluke zimenezo."

Apo ndi pamene adalowa a Makwinja, mkulu wa zachipatala amene ankaona odwala othyoka mafupa. Adali a ku Zomba, ndipo chilankhulo cha kuno ankadziwa moni yekha. Tsiku loyamba adafotokozera banja lonse m'Chichewa chothamanga chosakaniza ndi Chingerezi. A Sikwese adangomva theka, Goodson adamva zimene adafuna kumva, ndipo Eluby adamvera pazenera, chifukwa apongozi ake adali m'katimo.

"Mayi a Agnes, yewo," adatero a Makwinja. "Tiyeni tione wodwala wathu."

Adavundukula bulangete kumapazi, natulutsa phini pa kolala.

"Apa?"

"Ndikumva, koma ngati kutali."

"Apa?"

"Ayi."

"Gwedezani chala chachikulu."

Padapita kanthawi, kenaka chala cha kumanzere chidawerama pang'ono, ngati munthu wovomera monyinyirika.

"Ndi chimenecho chuma chathu," adatero a Makwinja.

"Adokotala, mundifotokozerenso, pang'onopang'ono. Ndikufuna ndikathe kunena kwa ena."

A Makwinja adasolola bolopeni m'thumba. Idali yong'aluka pakati, yomangidwa ndi pulasitala.

"Mwaiona iyi? Kunjaku yasweka, koma kachubu ka inki m'katimu sikanaduke, ndiye ikulembabe. Mafupa a khosi ndi chikhokhombe chakunjachi. M'kati mwake mumadutsa mtsempha waukulu wochoka kumutu, umene umauza manja ndi miyendo zochita. Kwa amuna anu fupa limodzi lasweka ndipo latsetsereka, likupsinja mtsemphawo. Njerwazi zikukoka kuti mafupa akhale pamzere. Koma sangakhale pa njerwa moyo wonse, komanso ekisire yadzulo ikuonetsa kuti fupalo silinakhazikike. Ku Lilongwe kuli dokotala wa mafupa. Ndalankhula naye pa wayilesi ya chipatala. Adzatsegula kunkhongo kuno, abwezeretse fupa, amange ndi waya, n'kuikapo kafupa kochokera m'chiuno kuti zigwirane."

"Akatero adzayenda?"

"Bodza ndilibe, mayi. Mwina adzayenda, mwina ndi ndodo, mwina ayi. Chimene ndikudziwa ndi ichi." Adagwira bolopeni ija mbali zonse ziwiri ngati akufuna kuipinda. "Ikapindika kamodzi kokha, palibe dokotala padziko amene angalumikize."

"Nanga abale akabwera kudzamutenga?"

A Makwinja adayang'ana kukhomo, natsitsa mawu.

"Wodwala akavomera yekha kutuluka, ine sindingamumange. Ndinenso mlendo kuno, ndipo alamu anu aja ali ndi baji. Landirova ya chipatala ikanapita naye kale, koma mlatho wa panjira ya ku Karonga wakokoloka ndi mvula. Akuti sabata imodzi. Mumusunge sabata imeneyo."

Eluby adamusunga. Ankagona pansi pa bedi pa chitenje, mwana ali pambali, dzanja lina lili pafupi ndi thumba la njerwa. Pakapita maola awiri ankaitana anamwino ndi odikirira odwala ena atatu kuti amutembenuze onse pamodzi, mutu ndi thupi ngati chinthu chimodzi, kuopa zilonda. Safeli ankati tsopano wadziwa m'mene chipika chimamvera. Mayi wina wodzazonda wodwala adakoleka jumbo yake ya nthochi pa chingwe chija, ndipo Eluby adakuwa mpaka mlonda adathamanga kuchokera pageti. Anthu a mu wodi adayamba kumutcha Namlonda. Iye analibe nazo ntchito. Ankawerenga masiku, ndipo m'mawa uliwonse ankafunsa dalaivala za mlatho.

A Sikwese ankabwera tsiku lililonse dzuwa likapendeka. Grace ankatsogola kudzachenjeza, ndipo akazi awiriwo ankatulukira khomo la kumbuyo, kukaima kuseri kwa khoma pafupi ndi thanki ya madzi. Pazenera Eluby ankangoona nkhongo ya imvi itawerama pambali pa bedi. Bambo ndi mwana sankayankhulana zambiri.

Lachitatu la sabata yachiwiri dalaivala adati mlatho watha, anyamuka Lachisanu. Tsiku lomwelo a Makwinja adapita kumidzi kukabaya ana katemera wa chikuku. Mu wodi mudatsala namwino mmodzi, mtsikana wongoyamba kumene ntchito.

Eluby ankapukuta Safeli kumaso pamene Grace adalowa ali wefuwefu.

"Tuluka, akubwera."

"Nthawi ino? Dzuwa likadali pamutu."

"Tuluka, iwe!" Grace sadamuyang'ane m'maso. "Ali ndi machira. Lole ya khofi ikubwerera ku Misuku, ikudikira pageti."

"Unadziwa, Grace?"

"Ndikanatani ine? Tiye, ali pakhomo!"

Miyendo ya Eluby idamutulutsa yokha. Zaka zitatu idazolowera kuthawa ikamva kutsokomola kuja. Adapezeka ali kuseri kwa khoma, mwana kumsana, mphumi ili pa galasi la zenera.

Adalowa a Sikwese, kenaka Goodson, kenaka amuna awiri a kumudzi atanyamula machira a nsungwi ndi chiguduli. Namwino adaima kutsogolo kwa bedi.

"Bambo, chonde, dikirani a Makwinja abwere."

"Tadikira masabata awiri, mwana wanga," adatero Goodson. "Bweretsa pepala lako ndisaine. Safeli, uwauze. Ukupita kwanu kapena ayi?"

Safeli adatembenuza maso kuyang'ana bambo ake. Milomo idagwedezeka kawiri.

"M'mene anenera adada," adatero.

Namwino adathamanga kukafuna mkulu wake. Goodson adazungulira kumutu kwa bedi, nayamba kutokosa mfundo ya chingwe ndi zikhadabo.

"Eluby, usayang'ane," adatero Grace, akumukoka chitenje. "Zili m'manja mwa Mulungu."

Eluby adaona mfundo ija, imene ankaiyendera kasanu patsiku, ikuyamba kumasuka. Adaona phazi la kumanzere litasuzumira kunja kwa bulangete. M'makutu mwake mudamveka phokoso ngati la mtsinje wa Lufita utadzaza. Amayi ake ankakonda kunena kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Sadaganize zambiri kuposa pamenepo. Adakankha dzanja la Grace, nazungulira khoma.

Sadadziwe m'mene adadutsira pakati pa mabedi. Adangozindikira atagwira chingwe ndi manja onse awiri, pamwamba pa zala za Goodson, akuchikokera pansi kuti chisalekerere.

"Siyani, alamu."

"Wapenga? Adada ali pano!"

"Ndawaona."

Amuna a machira aja adatembenukira kukhoma. Bambo wa chikhakha adadziphimba kumaso ndi bulangete. Eluby adagwada osasiya chingwe, nadzutsa mutu.

Aka kadali koyamba kuona nkhope yawo. Adali munthu wochepa thupi kuposa m'mene ankaganizira. Masaya adali olowa, maso ofiira, ndipo mphumi idali ya Safeli yeniyeni. Adayang'anana kamphindi, kenaka mkuluyo adatembenuza nkhope msangamsanga ngati wapsa.

"Adada," adatero Eluby. "Ndalakwa. Mlandu wake ndidzaumva. Koma mawu anga akhala akutayika panjira, ndiye ndabwera nawo ndekha. Ndikufunseni za ntchito yanu, imene ine sindiidziwa."

"Adada, musamuyankhe," adatero Goodson. "Uyu ukwati wake watha lero."

"Chipika chikapendekeka pa mitanda, chatsala pang'ono kugwa, munthu ali m'dzenje, mumatani? Mumachikankha kuti chiongoke?"

A Sikwese adangoyang'ana khoma. Agnes adayamba kulira kumsana, koma Eluby adalibe manja omutonthozera.

"Mumachikankha, adada?"

"Sitikankha." Adayankha khoma, osati iye. "Timachimanga ndi chingwe, n'kugwira. Wina asachikhudze mpaka wa m'dzenje atuluke."

"Chingwe chake ndi ichi ndagwirachi. Safeli sanatuluke m'dzenje muja, adada. Fupa la m'khosi lapendekeka, lili pamwamba pa mtsempha wa miyendo yake. Njerwazi si chilango. Ndi anthu atatu amene agwira chingwe usana ndi usiku osatopa. Mukamasula, chipika chigwa. A Kayuni ndi katswiri, mwendo wa alamu tonse tikuuona. Koma iwo amakoka ndi kupotoza, ndipo apa pakapotozedwa kamodzi, basi. Ku Lilongwe akukamanga fupalo ndi waya kuti lisagwe, ndiye adzachotse njerwa."

"Zonama za azungu," adatero Goodson. "Miyendoyo inafa kale. Akukangomuphunzirirapo ntchito."

"Sinafe. Adada, gwirani chala chake chachikulu, cha kumanzere. Musandiyang'ane ine. Gwirani chala chokha."

Kenaka mkuluyo adasuntha chammbali, nkhope ili kumbali, nafika kumapazi. Adagwira chalacho ndi zala ziwiri zokhakhala, ngati akugwira mwanapiye.

"A Safeli, gwedezani."

Palibe chidachitika. Mwina pomasula mfundo paja china chidasuntha. Mwina adachedwa.

"Gwedezani, bambo a Agnes! Nthabwala zija zili kuti? Gwedezani!"

Misozi idatsika m'makona a maso a Safeli, kulowera m'makutu. Adaluma mano. Ndipo chala chija chidawerama, chidakankha chala cha bambo ake, kamodzi, kenaka kachiwiri.

A Sikwese adatulutsa mawu amene sadali mawu. Adagwira phazi lonse ndi manja awiri, nawerama mpaka mphumi idakhudza bulangete. Mapewa awo ankagwedezeka.

"Ndinaugogoda mtanda uja," adatero. "Ndinaugogoda, Safeli. Unalira bwinobwino."

"Ndikudziwa, adada. Ndinaumva nanenso."

Atadzuka adapukuta kumaso ndi chipewa.

"Goodson, manga mfundo."

"Adada, mkazi uyu wakuyang'anani m'maso pagulu! Anthu akamva..."

"Ndati manga mfundo. Uimange ya kudzenje, osati ya mbuzi."

Adatuluka osayang'ana kumbuyo. Amuna a machira adawatsatira. Goodson adamanga mfundoyo mokoka ndi mkwiyo, ndipo potuluka adaima pafupi ndi Eluby.

"Wapambana lero. Koma tikaitana akwanu. Ndipo usaiwale kuti mwana ali kumsanayo ndi wa kwa Sikwese."

Manja a Eluby adakana kutambasuka. Namwino atabwera adachita kumumasula chala chimodzichimodzi pachingwepo.

Nkhani idafika kukhitchini ya odikirira odwala iye asanafike. Amayi amene ankagawana naye moto adasuntha miphika yawo. Wina adati ana a sukulu atha dziko, wina adati zoterezi zimabweretsa matenda pamudzi. Grace adamubweretsera ufa, nausiya pakhomo osakhala pansi. Lachinayi a Sikwese sadabwere. Eluby sadamutsitse Agnes kumsana tsiku lonse, ngakhale popita kuchimbudzi. Aliyense wovala jekete akadutsa pazenera, mtima wake unkalumpha.

Lachisanu m'mawa Landirova idaima pakhomo la wodi. A Makwinja adali kalikiliki ndi matumba a mchenga ndi zingwe, akudandaula kuti machira a chipatala ndi ofewa pakati, afunika chinthu cholimba choti agonekepo wodwala pamsewu wa mabampu.

Ndi pomwe Eluby adamva kutsokomola kuja.

Adafuna kuthawa, koma adali pakati pa galimoto ndi khoma. Adangotembenuka, nagwada, nkhope kukhoma. Kumsana kwake Agnes adayang'ana amene akubwerayo, nayamba kuseka.

Padamveka chinthu cholemera chikutsitsidwa pansi.

"Ee, bambo, ili ndiye thabwa!" adatero a Makwinja. "Mwalitenga kuti?"

"Ndapala ndekha dzulo. Mulibe chiswe. Ndaliboola mbali zonse kuti ndione."

Mapazi adayandikira, naima kumbuyo kwa Eluby. Adamva chala chikukhudza kaphazi ka mwana.

"Agnes," adatero a Sikwese. "Iwe Agnes, wandimva? Uwauze amako kuti pepala la adokotala ndadinda chala. Uwauze kuti m'kathumba aka muli nthochi zootcha ndi mtedza, adye panjira, pakuti woyamwitsa sakhala ndi njala."

Agnes adayankha ndi malovu.

"Uwauzenso kuti mlandu ulipo. Mlandu suola, akaupeza pobwera. Koma iweyo palibe akuchotse kumsanako ine ndili moyo." Adatsokomola. Mawu otsatira adatuluka movutikira. "Chinthu chimodzi chokha. Zikakavuta kumeneko, asakamusiye. Wamoyo kapena ayi, abwere naye. Uwauze choncho."

Eluby adayankha, nkhope ikadali kukhoma.

"Agnes, uwauze agogo kuti ndamva. Sindikamusiya."

Ulendo udatenga masiku awiri. Eluby adakhala kumutu kwa thabwa njira yonse, mawondo atapana matumba a mchenga, maso ali pa chingwe. Pa mabampu a ku Karonga ankakuwira dalaivala mpaka bamboyo adati sadanyamulepo katundu wolongolola chotere.

Opaleshoni idachitika Lachiwiri lotsatira. Adamulowetsa m'mawa, ndipo Eluby adakhala pabenchi kunja kwa fiyeta akuwerenga matailosi a pansi, kufika kumapeto n'kuyambiranso. Adamutulutsa dzuwa litapendeka, ali ndi bandeji kunkhongo ndi ina m'chiuno, khosi lili m'chikhakha. Kumutu kwa bedi kudalibe chingwe. Kwa masiku atatu Eluby ankadzidzimukabe, dzanja likufufuza njerwa zimene kudalibe.

Patapita masabata atatu adapempha pepala kwa namwino. Adakhala pakhonde la wodi, mwana ali pamwendo, bolopeni ili m'kamwa. Kulembera Goodson, mawu akatayikanso panjira. Kulembera apongozi, mwambo sulola. Adayang'ana Agnes, amene ankalimbana ndi kona ya pepalalo kuti aidye. Kenaka adalemba, ndipo pa envulopu adaikapo dzina la mphunzitsi wa ku Misuku woti akawawerengere.

"Okondedwa agogo, ndine Agnes. Amama akuti ndikuuzeni zoona zokhazokha. Adada sanayambe kuyenda. Adokotala akuti mwendo wamanzere ukubwera, wamanja ukuchedwa, ndipo sowo sadzaigwiranso. Koma dzulo anawakhazika tsonga, ndipo lero agwira supuni okha. Phala lambiri linathera pachifuwa, koma supuni zitatu zinafika. Adada akuti mufunse ngati nkhuku ya a Kayuni ikudziwa kugwira supuni. Thabwa lanu tasunga pansi pa bedi, anamwino akufuna kutilanda koma amama akukana. Akuti musadule mtengo wa bokosi la maliro. Mudule wa ndodo ziwiri, ndipo muugogode bwino. Tikubwera nawo."